Akazi Anga Amaotcha Nkhalango

Mvula ikangosiya, m'nyumba mwathu mipando imasanduka ya alendo. Akazi anga amayamba kudya choimirira, mbale ili m'manja, maso ali pawindo. Mukawayankhula amavomera, koma mukawafunsa zomwe mwanena amakuuzani za mphepo. Akatuluka panja sangadutse udzu osauthyola. Amatenga phesi limodzi n'kulipinda pafupi ndi khutu, kuti amve ngati likuti thyo kapena likungopindika ngati chingwe. Likangopindika amalitaya mokwiya. Likathyoka msanga amakwiyanso. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala nawo, sindinaonepo udzu umene unawasangalatsa.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ya zitsulo, m'mbali mwa msewu wokwera kunkhalango ya paini imene ili paphiri, pamwamba pa nyumba zathu. Ntchito yanga ndi yokhala pansi tsiku lonse. Yawo ndi yootcha nkhalangoyo. Ndikanena choncho anthu osatidziwa amaseka, ena amafunsa ngati apolisi akudziwa.

Ndinawadziwa chifukwa cha ovololo. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atangolembedwa ganyu yolambula njira zotchinga moto, zija zimazungulira chigawo chilichonse cha mitengo ngati msewu wopanda galimoto. Anabwera ndi ovololo yobooka paphewa, m'mphepete mwa bowolo muli bii, n'kundiuza kuti ndiike chigamba akudikira. Ndinawalozera benchi. Sanakhale. Anazungulira makina anga kanayi, kenaka anandiuza kuti nsanza zimene ndinaunjika pafupi ndi nsimbi yamakala tsiku lina zidzandiotchera sitolo ya eni ake. Sabata yotsatira anabweranso ndi bowo lina. Nditawerenga zigamba zisanu ndi chimodzi pa ovololo imodzi, ndinaona kuti n'kwabwino ndizingosokera kunyumba.

Amayi anga ntchitoyi sanaimvetse. Tsiku loyamba kukumana ndi mpongozi wawo anafunsa mosabisa.

"Ndiye amakulipirani kuti muyatse, n'kukulipiraninso kuti muzimitse?"

Akazi anga anafotokoza mwaulemu, koma manja akuvina. Anati pansi pa paini masamba ake aja onga singano amagwa chaka chonse, nthambi zouma zimagwa, tchire limamera mpaka kukhudza nthambi zam'munsi. Zonsezo ndi chakudya cha moto. Mukazisiya, m'chilimwe munthu mmodzi wotaya ndudu amakwanira. Moto umakwera pa tchire ngati pa makwerero, ukafika kunsonga za mitengo palibenso amene angauyandikire. N'chifukwa chake iwo amafulumira, mvula itangotha kumene, nthaka ikadali ndi chinyezi, n'kuyatsa moto waung'ono wolekeza m'mawondo kuti udye zapansizo, mitengo n'kutsala ili chilili. Moto umapita kumene kwatsala tchire, anatero, ndiye ife timaonetsetsa kuti lisatsale. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti mwina zili choncho, koma machesi a m'nyumba muno azisunga okha. Dzina linachokera pamenepo. Linayenda mpaka kuntchito, ndipo lero ngakhale manijala amati Mayi Machesi.

Anawaphunzitsa ntchito ndi kapitawo wina wachikulire, wogontha khutu limodzi. Anawaonetsa kuyatsa moyang'anizana ndi mphepo kuti moto uziyenda chafutambuyo, pang'onopang'ono, m'malo mothamanga nayo. Anawaonetsa kuponya udzu m'mwamba n'kuona komwe wagwera, komanso kusakhulupirira mphepo ya masana. Popuma ntchito, mdalayo anauza ofesi kuti udindo wake aupereke kwa iwo. Anakhala kapitawo wa amuna khumi ndi anayi. Mmodzi mwa iwo, wamtali yemwe anzake ankamutcha Nsungwi, ananena poyera kuti sangalamulidwe ndi mzimayi. Akazi anga sanakangane naye. Anamupatsa ketulo, chitini chija cha mlomo wautali chodonthezera moto pansi, n'kumuuza kuti atsogolere. Nsungwi anayang'ana phiri, anayang'ana mitambo, n'kufunsa chapansipansi kuti tiyambire mbali iti. Nkhani inathera pomwepo.

Vuto la ntchitoyi ndi lakuti masiku ake ndi ochepa. Udzu ukakhala wauwisi moto umakana, ukauma kwambiri moto umalusa. Pakati pakepo pali masabata atatu, mwina anayi, ndipo m'masabata amenewo maola abwino ndi am'mawa okha. Komanso palibe angayatse popanda chikalata chochokera ku likulu la kampani.

Chaka chimene mwana wathu wamkazi ankalemba mayeso ake omaliza, chikalatacho chinachedwa. Akazi anga ankapita kuofesi m'mawa uliwonse. Ndi kachipinda ka windo limodzi, pakhoma pali mapu a nkhalango obayidwa mapini amitundumitundu, patebulo pali foni ndi kalaliki amene yankho lake linali mawa. Ankaima kutsogolo kwa mapuwo n'kumawerenga zigawo zisanu ndi chimodzi zimene zinkayenera kuotchedwa, ngati kuti akaziwerenganso zichepa. Akabwera kunyumba ankalowa, kutuluka, kulowanso. Mwana wathu anasamutsira mabuku ake kwa mnzake, ati mapazi a amayi akumusokoneza masamu.

Chikalata chinafika patapita masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Udzu unali utayamba kuthyoka. M'masiku asanu anaotcha zigawo zisanu, zonse bwinobwino. Chachisanu ndi chimodzi chinali cha kumalire, moyandikana ndi malo a bambo wina wachikulire, wamasiye, woweta njuchi. Anthu ankangomutcha Anjuchi. Anali ndi ming'oma makumi anayi pansi pa mitengo yake ya zipatso, kutsidya kwenikweni kwa njira yotchinga moto.

M'mawa wa tsikulo, akumanga zingwe za jombo pakhomo, anandiuza kuti mtima wawo ukukana. Ndinati ngati ukukana musiye. Anayankha kuti akasiya, chigawocho chilowa m'chilimwe chili ndi zinyalala zofika m'mawondo, pafupi ndi ming'oma ya mwini wake, ndipo pamenepo adzakhala atathandiza ndani. Ndinangowapatsa botolo la madzi.

Anayatsa dzuwa litangotuluka. Cha m'ma teni mphepo inangoti zii, kenaka inatembenuka. Panabuka kamvulumvulu kakang'ono pakati pa lupsa, kananyamula khungwa loyaka n'kuliwolotsa njira yonse ija, mamita khumi, kukaliponya mu udzu wa Anjuchi. Ine ndili pakhonde ndinaona utsi ukusintha mtundu. Utsi wa akazi anga ndimaudziwa, ndi woyera, umakwera mwaulesi. Uwu unada, n'kuyamba kugona chammbali. Anthu anatuluka m'masitolo n'kuima pamsewu. Ndinasiya buluku la munthu lili pansi pa singano.

Pamene ndinkafika, moto anali ataugonjetsa. Palibe munthu anafa, nyumba inapulumuka, koma ming'oma makumi awiri ndi isanu ndi umodzi inali makala. Phula linali litayenderera pansi n'kuuma, ponseponse pakununkha uchi wopserera. Njuchi zotsala zinali zitalusa, ndipo anthu a gulu lawo anazimitsa moto zikuwaluma. Akazi anga nkhope inali itatupa, diso limodzi litatsekeka. Anjuchi anaima pakati pa mitengo yawo atanyamula ndowa yopanda madzi. Akazi anga anavula chipewa, n'kupita kukaima patsogolo pawo.

"Bambo, moto uwu ndayatsa ndine."

Anjuchi anaika ndowa ija pansi.

"Ndaona," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Patapita sabata kunabwera anthu atatu a ku likulu kudzafufuza. Kalaliki uja anawanong'oneza akazi anga kuti anene za chikalata chochedwa, poti aliyense ankadziwa. Iwo analowa m'kachipinda ka mapu kaja n'kunena kuti chikalata chinachedwadi, koma chikalata sichikhwatcha machesi, ndipo tsikulo iwo eni anaona kuti udzu wauma mopitirira. Ndinawakalipira kunyumba chifukwa cha mawu amenewo. Anandiyang'ana ndi diso limodzi lija, n'kundifunsa ngati ine ndikadula molakwa nsalu ya munthu ndimanamizira lumo.

Ukapitawo anawalanda, n'kuupereka kwa Nsungwi. Iwo anawatumiza kunazale, kokathira dothi m'timachubu takuda tobzalamo mbande. Likulu linalamulanso kuti kuotcha kuime m'nkhalango yonse kufikira litaunikanso bwino. Anjuchi kampani inawapatsa ming'oma yatsopano, yopaka utoto woyera. Koma mng'oma ndi bokosi chabe, njuchi sizibwera ndi kalipentala.

Zaka zimene zinatsatira sindizikumbukira ndi chimwemwe. Kunazale anzawo amagwira ntchito atakhala pa timipando, akucheza. Iwo ankaigwira atawerama, mofulumira, mpaka anzawowo anadandaula kuti akuwachititsa manyazi. Akaweruka ankasesa bwalo lathu, n'kusesanso. Anatchetcha udzu wonse wozungulira nyumba, analowa wa aneba, kenaka wa aneba a aneba. Tsiku lina ndinawapeza ali padenga la mayi wina wogulitsa makala, akuchotsa masamba ouma m'ngalande za malata, mwini wake ali pansi akuwachonderera kuti atsike. Tikamadya, mphepo ikangogwedeza katani, supuni inkaima m'malere.

Loweruka lililonse ankanyamula khasu ndi chikwakwa n'kukwera phiri okha. Ndinawatsatira kamodzi. Ankakulitsa njira yotchinga moto ya kumalire a Anjuchi, mbali ya kampani, popanda wowatuma. Anjuchi ankawaona ali pakati pa ming'oma yawo. Moni panalibe. Galu wa Anjuchi yekha ndi amene anazolowera, ankabwera kudzagona pamthunzi pafupi ndi botolo lawo la madzi.

Tsiku lina nditatopa nazo ndinawauza kuti nkhalangoyo si yawo, eni ake ali m'maofesi a mphepo yozizira ndipo akugona tulo tabwino. Masiku awiri sanandiyankhule. Tsiku lachitatu anandiikira tiyi patebulo n'kunena kuti moto sufunsa mwini wake ndani, ndipo ukatsika phiri lija uyambira nyumba za kumtunda, kenaka zathu.

Nsungwi anayamba kubwera kwathu Lamlungu masana. Munthu yemwe kale ankakana kulamulidwa tsopano ankakhala pakhonde pathu chipewa chili pabondo, kufotokoza mavuto. Masamba a paini anali atayamba kumeza jombo. Tchire laminga linali litakwera mpaka m'nthambi. Ankayesa kudula ndi manja, koma anthu khumi ndi anayi angadule phiri lonse? Akamaliza mbali imodzi, ina yamera kale. Akazi anga ankamvetsera akuzungulira khonde, n'kumamuuza kuti ayambe ndi zigawo za kumsewu, adulire nthambi zam'munsi, zodulazo azikokere kutali ndi mitengo. Nsungwi akapita, iwo ankaima pachipata kuyang'ana phiri mpaka ndiwaitane kawiri.

Chilimwe cha chaka chachitatu zimene ankaopa zinachitika. Moto unayambira kumsewu waukulu, kuseri kwa phiri, ndipo palibe akudziwa anauyatsa. Pasanathe ola unali kunsonga za mitengo. Phokoso lake tinkalimva kuno ngati malole ambiri akukwera chitunda. Dzuwa linafiira masanasana, phulusa linkagwa pa nsalu zanga mpaka ndinalongedza makina. Kampani inaitana aliyense wokhoza kugwira chikwapu cha mphira chomenyera moto, a kunazale omwe. Unayaka masiku awiri. Unakaima pamtsinje, osati chifukwa cha nzeru za munthu, koma mphepo inangotopa yokha. Gawo limodzi mwa magawo anayi a nkhalango linapita, mitengo ya zaka makumi awiri itaima yakuda ngati mizati. Akazi anga anabwera opanda nsidze, mawu atasasa. Ndinkayembekezera kuti anena kuti ndinkanena ine. Sananene. Anangofunsa ngati madzi osamba alipo, ndipo ali m'bafa ndinawamva akulira, koyamba chikwatiranireni.

Mvula yotsatira ili pafupi kutha, ndikusoka yunifolomu ya mwana wa sukulu, ndinaona chithunzithunzi chachitali chitagwera pa makina. Anali Anjuchi. M'manja munali chipewa chawo cha ukonde, chotchinga njuchi kumaso, chitang'ambika. Zaka zonsezo sanaponde pakhonde langa, ngakhale kudutsa ankadutsira tsidya lina la msewu. Ndinalandira chipewacho, iwo anakhala pabenchi. Ndinayamba kusoka.

Kenaka anayamba kuyankhula, akuyang'ana msewu. Anati njuchi zabwerera pang'onopang'ono, tsopano ming'oma makumi atatu ndi umodzi ili ndi eni ake. Anati phiri lija likupsa iwo anali pabwalo pawo, akuona zonse, ndipo udzu wa kutsidya kwa malire awo tsopano wawapitirira msinkhu. Kwa manijala apitako katatu. Ulendo wachitatu manijala anawauza kuti likulu lavomera kuyesanso kuotcha, chigawo chimodzi chokha, ndipo atumiza katswiri.

"Ndawauza kuti katswiri sindikumufuna," anatero Anjuchi. "Ndikufuna mayi a kwanu."

Singano inaima. Ndinawafunsa ngati akukumbukira kuti ndi mayi omwewo.

"N'chifukwa chake. Amene anandiotchera akudziwa pomwe moto unadumphira. Wina adzayamba kuphunzira pa ming'oma yanga."

Analipira chipewa chawo n'kumapita, osatsanzika.

Nditawauza akazi anga, anaika mbale pansi n'kutuluka. Anazungulira nyumba katatu. Atalowa anati sangachite, dzanja lawo linaiwala, ndipo Nsungwi alipo. Sindinatsutse. M'mawa mwake podzuka ndinapeza jombo palibe. Anabwera masana, maondo a ovololo ali matope, n'kuyamba kundifotokozera za chitsa china chowola chimene chili pafupi ndi malire, ngati kuti dzulo sitinakambe kanthu.

Masabata awiri anakonza chigawocho ndi gulu la Nsungwi. Tchire lalitali analidula ndi zikwanje, chifukwa zaka zinayi zosaotcha zinali zitaunjika zambiri moti moto waung'ono sukanakhala waung'ono. Anadulira nthambi zam'munsi, anakokera milu ya zodula pambalambanda, anapalira mozungulira tsinde la mtengo uliwonse wa m'mphepete. Pamapepala kapitawo anali Nsungwi, koma iye ankangobwereza mokweza zimene akazi anga anena motsitsa. Anjuchi anasamutsira ming'oma yawo kuseri kwa nyumba, umodziumodzi pa wilibala.

Tsiku loyamba anthu onse anasonkhana kukucha: gulu lonse ndi zikwapu zawo ndi mapampu a kumsana, thirakitala yokoka thanki ya madzi, manijala, ndi mlendo mmodzi wa ku likulu atavala jombo zatsopano. Akazi anga anaponya udzu m'mwamba, anayenda mpaka pamwamba pa chitunda, anaponyanso, n'kubwera kudzanena kuti lero ayi, mphepo ya kumtunda ikusiyana ndi ya kumunsi. Anthu anabalalika. Tsiku lachiwiri anayatsa kamoto koyesera, malo aakulu ngati mphasa, anakayang'ana mphindi zingapo, n'kulamula kuti kazimitsidwe. Manijala anawaitanira pambali, koma mawu ake aliyense anawamva. Anati mlendo wachoka kutali, thirakitala ikudya mafuta, ndipo ngati akuchita mantha anene kuti wina agwire ketulo.

"Mantha ndili nawo, bwana," anayankha. "Tsiku lija ndinalinso nawo, koma ndinawabisa."

Manijala anatsegula pakamwa, koma Anjuchi, amene anali ataima tsidya la njira ndi galu wawo, anayankhula osakweza mawu. Anati ming'oma ndi yawo, ndipo iwo sakufulumira.

Tsiku lachitatu kunachita kamvula kowaza. Akazi anga tsiku limenelo anachapa makatani onse a m'nyumba, oyera omwe.

Tsiku lachinayi kunacha bata, mame ali mbuu pa udzu. Ndinatseka makina n'kupita nawo. Zaka zonsezo sanandilolepo kuonerera, ati telala pamoto ndi katundu, koma tsikulo sanandibweze. Anandiimika pafupi ndi thirakitala n'kundiuza kuti ndisasunthe. Anadikira mame achepe, anayesa kamoto kaja, ndipo ulendo uno sanakazimitse. Ananyamula ketulo. Ndinaona timadontho tamoto tikugwa mokhotakhota. Atayenda mapazi khumi mzere unawongoka.

Sindinkadziwa kuti moto ungakhale waulemu chotero. Unkayenda chafutambuyo, kulimbana ndi kamphepo kochokera kumtsinje, malawi ake osapitirira bondo, ukuthetheka ngati mafuta m'chiwaya. Ukafika patsinde lopaliridwa unkalizungulira n'kupitirira. Nkhwali ziwiri zinatuluka mu udzu n'kuwoloka njira mosathamanga kwenikweni. Mbalame zinasonkhana pamwamba pa utsi kudzawakha ziwala. Anthu a zikwapu anaima motalikirana m'mbali mwa njira, nkhope zitapenya kutsidya, chifukwa akazi anga anawauza kuti woyang'ana moto ndi mmodzi, ena onse ayang'ane kumene sukuyenera kupita. Iwo eni sanaime ngakhale kamodzi. Ankatsika mzere wonse, kukwera, kutsikanso, apa kuuza Nsungwi kuti achedwetse mbali yake, apo kutuma wapampu kukanyowetsa chitsa chowola chija. Mlendo wa ku likulu anayesa kuwatsatira ndi kabuku kake, koma posakhalitsa anabwera kudzakhala pa tayala la thirakitala, atavula jombo imodzi.

Pa malo omwe aja panadumphira moto kale, kanthethe kamodzi kanauluka n'kugwera pa kachitsamba ka udzu kutsidya. Kanafuka. Anthu awiri anathamanga, koma Anjuchi anali pafupi. Anapondapo ndi jombo, anapotokola phazi, n'kubwerera pamene anaima. Akazi anga anaona. Anayang'anana kamphindi, aliyense n'kubwerera ku zake.

Isanakwane leveni koloko zonse zinali zitatha. Pansi panali bii, mitengo ili yobiriwira pamwamba. Manijala anagwira akazi anga chanza, anthu anakwera ngolo ya thirakitala akuseka. Iwo anakana kukwera. Masiku atatu otsatira anazungulira chigawocho, akugwira phulusa ndi kuseri kwa dzanja, kufukula paliponse pofunda. Tsiku lachitatu anapeza muzu ukunyeka pansi pa nthaka, utayenda mikono iwiri kulowera kunjira. Anaukumba, anauthira madzi, ndipo atabwera kunyumba anagona masana, pamkeka, jombo zili kumapazi. Ndinauza ana a aneba kuti akasewere kutali.

Anthu amakonda kundifunsa ngati Anjuchi pambuyo pake anatibweretsera uchi. Sanatibweretsere. Timagula ngati wina aliyense, ndipo satichotsera. Mawu akuti ndakukhululukirani sanawanenepo. Chimene chinasintha n'chakuti akakumana ndi akazi anga pamsewu amaima, n'kukambirana za mphepo kwa nthawi yaitali, ngati anthu awiri odandaula za m'bale wawo wovuta.

Chaka chotsatira likulu linalola kuotcha m'nkhalango yonse, ndipo chikalata chinayamba kufika mvula isanathe. Ukapitawo anawabwezera, Nsungwi ndi amene anakapempha. Anagwira zaka zina zisanu ndi chimodzi. Moto wolusa unabwerabe kawiri, poti anthu sanasiye kutaya ndudu, koma ukafika m'zigawo zootchedwa unkagwada pansi, anthu n'kuumenya ndi zikwapu.

Kenaka chifuwa chinayamba. Poyamba ankati ndi chimfine, kenaka fumbi. Atayamba kupumira pakati pa chitunda, mwana wathu, amene tsopano ali pabanja pake, anabwera kudzawatenga mokakamiza kupita nawo kuchipatala. Dokotala anaunika chithunzi cha m'chifuwa n'kufunsa kuti amasuta ndudu zingati patsiku. Anamuyankha kuti sasuta ndudu, amasuta phiri. Dokotala sanaseke. Anati utsi basi, ngati akufuna kuona zidzukulu zikukula.

Kampani inawaika pansanja yoonera moto, pamwamba penipeni pa phiri. Ndi kanyumba ka matabwa, mapazi atatu uku atatu uku, mawindo mbali zonse, muli zoonera patali ndi wailesi yoyankhulirana ndi a pansi. Ntchito yake ndi kuona utsi n'kunena pomwe uli, basi. Koma gulu la Nsungwi likamaotcha, iwo amaona zonse, ndipo sangaone osanena.

Sabata yatha anaiwala mankhwala awo patebulo, ndiye ndinakwera kukawapatsa. Masitepe ake ndi makumi asanu ndi atatu, ndinapumira kanayi. Ndinawapeza zoonera patali zili kumaso, wailesi ili pakamwa, akuuza Nsungwi kuti mzere wake wa kumadzulo wathamanga, munthu wachitatu kuchokera kumtsinje waima moyang'ana kolakwika, ndiponso thirakitala aisunthe. Wailesi inakhosomola, mawu a Nsungwi anamveka otopa.

"Mayi, tamva. Tamva kale."

Kenaka inangoti zii. Anaigwedeza, anaimenya pachikhatho, anaitana katatu. Anatembenuka n'kundiona, ndikadali wefuwefu pakhomo.

"Wazimitsa dala ameneyu. Bambo a mwana, mwabwera bwino. Tsikani mukamuuze kuti mphepo itembenuka isanakwane teni, atseke mbali ya kumadzulo. Mudzere njira ya kumtsinje, ndi yachidule."

Ndinafuna kunena kuti Nsungwi wakhala pa ntchitoyi zaka makumi awiri ndipo mphepo akuiona yekha, koma anali atabwezera kale zoonera patali kumaso. Ndinatsika. Ndili pakati pa njira ya kumtsinje, ndikupisa m'thumba kufuna kampango kopukutira thukuta, ndinapeza mankhwala aja ndikadali nawo.